Njira imene timaitcha yosavuta

Ndagwira ntchito yotsogolera alendo m'njira za ku Senga Bay kwa zaka 9, ndipo m'zaka zonsezi sindinabwererepo kunyumba mtima ukuwawa monga mmene unawawira Lachinayi la sabata yathayi. Ndikulembera makamaka anzanga amene tili pa ntchito imodzi m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhata Bay, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ndi malo ena m'njira zanu pamene mumayamba mwapemphera musanadutsitsepo alendo.

Pa loji pamene ndimagwira pali maulendo apansi atatu. Wovuta ndi wokwera mapiri a Senga, wina ndi wozungulira m'mudzi ndi padoko la asodzi, ndipo wachitatu, umene pakapepala ka alendo anaulemba kuti ndi wosavuta ndiponso woyenera munthu aliyense, umadutsa m'tsinde mwa phiri pansi pa milambe, n'kutsikira kudambo la Mpatsanjoka kumene anthu amakaona mbalame ndi mvuu. Ulendo wachitatuwu ndi umene umabweretsa ndalama zambiri, ndipo ndi umenenso umasankhidwa ndi agogo, amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi anthu amene dokotala anawauza kuti aziyendako pang'ono. Achinyamata okwera phiri akaterereka amadzuka n'kusasa fumbi, koma wazaka 70 akagwa nkhani yake imakhala ina.

Masiku atatu oyamba a sabatayo anali a nthawi zonse. Lolemba ndinakwera phiri ndi alendo awiri ochokera kunja, tinanyamuka kusanache, tinaona anyani ndi mbira pamiyala, ndipo tinatsika dzuwa lisanawawe. Lachiwiri mwera unakula kwambiri moti boti lopita ku chilumba cha Namalenje silinanyamuke, choncho ndinatha tsiku lonse ndikutchetcha tsekera ndi kuchotsa chitedze m'njira ya kudambo, ine ndi mnzanga wina tikulandizana chikwanje chimodzi chifukwa chinzake chinathyoka chaka chatha. Lachitatu ndinali ndi okonda mbalame anayi, amene anasangalala ndi nkhwazi, nantchengwa, akakowa ndi chiswankhono, koma titafika pakamlatho ka matabwa kamene kali pa khwawa lothira m'dambo ndinawaolotsa mmodzimmodzi, ndikuwasonyeza poponda. Madzulo ake ndinalemba m'buku la malipoti, kachinayi chaka chino, kuti matabwa atatu apakati awola ndipo akufunika kusinthidwa.

Kamlatho kameneka kanali kolimba mpaka mu 2024, pamene nyanja inadzaza kuposa mmene ambiri a ife tinaionerapo, madzi n'kulowa m'maloji ndi m'nyumba za anthu kuno ku Salima ndi ku Mangochi komwe. Nonse mukudziwa kuti nyanja yathu imafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, ndi kuti potulukira pake ndi pamodzi pokha, mu Shire, motero madzi akabwerera m'madambo sachoka msanga. Matabwa aja anakhala m'madzi miyezi ingapo, kenako anauma padzuwa la Okutobala, kenako ananyowanso, ndipo chiswe chinamaliza zotsala. Mvuu nazonso zinasintha mayendedwe ake, moti mkwaso wina watsopano umene zimatulukira usiku pokadya msipu ukudutsa pafupi kwambiri ndi kamlathoko. Njirayo inasintha, koma kapepala ka alendo kakadali kaja ka kale, ndi mawu omwe aja akuti yosavuta.

Lachinayi ndinapatsidwa gulu la anthu asanu ndi mmodzi ochokera ku Lilongwe, aphunzitsi opuma pa ntchito amene anasonkherana ndalama kwa miyezi kuti adzaone nyanja. Ndisananyamuke ndinapita kwa abwana kukapempha kuti tikathere pa milambe, tisafike kudambo, koma anandiyankha kuti alendowo alipira kale mtengo wa ulendo wonse ndipo akufuna kuona mvuu. Ndinapempha wailesi ya m'manja, ija timati ovaova, ndipo ndinakumbutsidwa kuti batire yake inafa mu Januwale. Ndinatsegula bokosi la mankhwala n'kupezamo Panado, lumo ndi thonje pang'ono, popanda bandeji ngakhale imodzi. Apa ndiyenera kunena zoona, kuti ndinali ndi mpata wokana ndipo sindinakane, chifukwa ndinaganiza za malipiro a mwezi uno ndi za fizi ya mwana wanga, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti ndiwaolotsa mmodzimmodzi monga dzulo lake.

Anayi anaoloka bwinobwino. Wachisanu anali mayi wa zaka 68, amene njira yonse ankandifunsa maina a mitengo n'kumalemba m'kabuku kawo. Ndinawagwira dzanja ndi kuwauza kuti, "Mayi, pondani pamene pali msomali, m'mbalimu." Anaponda pomwepo ndithu, koma thabwa linazuka pamodzi ndi msomali wake, mwendo wawo wamanzere unalowa pansi mpaka m'bondo, ndipo thupi linapotokera kumbali. Ndinamva kulira kwa fupa ndisanamve kulira kwawo.

Titawakokera kumtunda, phazi linali litakhotera kunja ndipo pakakolo panayamba kutupa nthawi yomweyo. Foni yanga inalibe netiweki, monga mmene zimakhalira kuseri kwa phirilo, ndipo ndinatuma bambo mmodzi wa m'gululo kuti akwere pachulu chakutsogolo akayese yawo. Atalumikizana ndi ku loji anauzidwa kuti galimoto yapita ku Lilongwe kukagula katundu wa kukhitchini, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo ibwera madzulo. Pamenepo tinali pafupi ndi mkwaso wa mvuu uja, ndowe zake za usiku womwewo zili poonekera, ndipo mkati mwa bango munkamveka kufwenthera. Ndinasuntha gulu lonse kupita pamalo okwera, kutali ndi pakati pa bango ndi madzi, kenako ndinadula timitengo tiwiri towongoka, amayi ena anavula chitenje n'kuching'amba, ndipo tinamanga mwendowo kuti usagwedezeke. Mayi aja sanakuwe kachiwiri. Anangondigwira mkono mwamphamvu n'kunena kuti, "Mwanangu, usanjenjemere, manga bwino." Mawu amenewa akundibwererabe mpaka lero.

Amene anatipulumutsa ndi anthu amene sali pa malipiro a loji iliyonse. Abambo atatu amene ankakolola mpunga m'mphepete mwa dambo anasiya zikwakwa zawo atamva mfuu yanga, anabwera ndi nsungwi ziwiri, ndipo tinapanga machira ndi zitenje zotsala. Tinanyamula mayiwo mosinthana kwa nthawi yoposa ola limodzi mpaka pamsewu wafumbi, pamene mnyamata wa kabaza anathamanga kukaitana galimoto yonyamula nsomba. Kuchokera ku Senga Bay kufika ku boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo ndinakhala kumbuyo kwa galimotoyo nditagwirizira mwendo wawo pa dzenje lililonse la mumsewu. Kuchipatala anatilandira msanga, anajambula, ndipo anapeza kuti mafupa awiri athyoka pamwamba pa kakolo. Kuchokera pamene anagwa kufika pamene namwino anawakhudza panadutsa maola anayi. Ndalama ya galimoto ndi yothokozera alimi aja inachoka m'thumba mwanga ndi mwa aphunzitsi anzawo.

Chimene chandipsetsa mtima koposa chinachitika Lachisanu m'mawa. Ndinaitanidwa ku ofesi n'kupatsidwa lipoti lolembedwa kale, lonena kuti mlendoyo anapatuka m'njira yovomerezeka ndiponso sanamvere malangizo a womutsogolera, ndipo ndinauzidwa kuti ndingosaina pansi. Ndinayankha kuti, "Bwana, pepani, koma izi si zimene zinachitika, ndipo mayi aja anaponda pamene ndinawauza ine." Ndinapempha kuti abweretse buku la malipoti, ndinatsegula masamba anayi pamene pali dzanja langa ndi masiku ake, ndipo ndinawakumbutsa kuti mtengo wa matabwa ndi misomali umene ndinalembapo sufika ndalama imene gulu limodzi ngati limeneli limalipira. Anandiuza kuti ndiganize bwino za tsogolo langa pamalopo. Ndinalemba lipoti langalanga pa pepala lina, ndinasaina limenelo, ndipo ndinalijambula pa foni ndisanalipereke.

Sindikunena kuti abwana athu alibe mavuto, chifukwa madzi a 2024 anawononga zipinda zingapo ndipo alendo anachepa kwa nthawi. Koma ndalama yopaka utoto pa bala ndi yogula maambulera atsopano a pamchenga inapezeka, chifukwa zimenezo zimaoneka pa zithunzi za pa Facebook, pamene thabwa la kudambo limaonedwa ndi ine ndekha ndi amene waliponda. Njira yokwera phiri timaiopa tonse ndipo timaikonzekera, timanyamula madzi okwanira ndi kufunsa mlendo za mtima wake. Njira ya kudambo timaipeputsa chifukwa cha dzina limene tinaipatsa tokha, ndipo ndi kumeneko kumene timatumiza anthu ofooka kwambiri, ndi gaidi mmodzi, popanda wailesi, popanda bandeji, galimoto ili ku Lilongwe.

Loweruka panali banja la ana atatu limene linalembetsa ulendo womwewo. Ndinawafotokozera makolowo mmene kamlatho kalili abwana ali pomwepo, ndipo anasankha okha kukathera pa milambe, kumene ana anatola malambe n'kubwerera ali osangalala. Masana ine ndi mnzanga uja tinapita kukazula matabwa onse otsala pakamlathoko ndi kupingasa mitengo mbali zonse ziwiri, kuti wina asayesere kuolokapo. Lamulungu ndinakwera minibasi kukaona mayi aja asanawatengere ku Lilongwe, ndipo ndinawapititsira kabuku kawo kamene ndinakatola m'matope pansi pa kamlatho, masamba ake atauma mokwinyika koma maina a mitengo akuwerengekabe. Mawa ndi Lolemba, ndipo pa bolodi la maulendo a sabata ino dzina langa silinalembedwepo.