Chainsaw ya mainchesi 110

Pa puloti yathu ku Nkhorongo, kunja kwa tauni ya Mzuzu pang'ono, panali mbawa yomwe tinaipeza pogula malowo. Thunthu lake, anthu awiri akalikumbatira manja ankangokhudzana nsonga za zala. Chaka chatha mphezi inaiwomba, mbali imodzi n'kuyamba kuuma, ndiye kamphepo kakangoti pang'ono, nthambi gwa! padenga. Mayi akunyumba anati mtengowu uchoke tisanaike maliro.

Chilolezo ndinakatenga kwa a zankhalango, pakuti mbawa si bulugama woti ungodzuka m'mawa n'kuyamba kugwetsa. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe analiwonjezera mano mu 2020, silisewera pa mitengo yachilengedwe. Kenako tinaitana bambo wina wodula mitengo. Anauzungulira, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana nyumba, kulavula, n'kutchula ndalama. Ndinamufunsa ngati pa ndalama imeneyo atimangiranso nyumba ina. Sanaseke. Anakwera njinga yake n'kumapita.

Usiku umenewo ndinawerengera. Munthu ukagula makina ako, mtengo wagwetsa wekha, matabwa a mbawa wagulitsa kwa akalipentala, ndipo makinawo atsalabe m'nyumba. Pamenepo n'kuti chitsulo cholemera kwambiri chomwe ndimanyamula kuntchito chili chidindo, koma zimenezo sizinalowe m'masamu.

Alamu anga, achimwene awo a mayiwa, anachekako matabwa ku Chikangawa zaka zambiri, m'nkhalango ya paini ija ya mahekitala 53,000 yomwe anayamba kuidzala m'ma 1960 poganiza zopanga mapepala. Pano anasiya, anangotsala ndi ka chainsaw kakang'ono, Stihl MS 180, ka injini ya ma cc 32 ndi lupanga la mainchesi 14, kunena chitsulo chija chonyamula tcheni. Ndinakabwereka. Nditakagunditsa pa mbawa kanalira momvetsa chisoni, kutulutsa utsi, n'kungosenda khungwa.

"Makinawa alibe mlandu, alamu," anatero. "Awa ndi osadzira nthambi ndi kudulira nkhuni. Paini ndi wofewa, koma mbawa, mlombwa, makamaka muwanga, imeneyo ndi nkhani ina. Pezani ya ma cc 70 kapena kuposerapo pang'ono, monga Stihl MS 382 kapena Husqvarna 272, lupanga la mainchesi 20 kapena 25. Lupanga likamatalika, mano oti injini ikoke amachulukanso, ndiye lalitali pa injini yaing'ono ndi kuipha. Komanso lalitali limalemera kutsogolo, msana umadziwa. Mtengo wonenepa kuposa lupanga umadulika bwinobwino, mumalowa mbali iyi kenako mbali inayo. Koma muyeze kaye thunthulo."

Pa zonsezi mawu omwe anakhazikika m'mutu mwanga ndi omalizawo. Ndinatenga tepi ya mayi yosokera, kuzunguliza thunthu, kuika chizindikiro ndi makala, kuzungulizanso pomwe tepi inathera. Mainchesi 110. Ndinalemba pakapepala n'kuika m'thumba la malaya.

M'tauni sitolo yoyamba mnyamata wake anandilandira mwaulemu.

"Tikuthandizeni, bwana?"

"Ndikufuna chainsaw ya mainchesi 110."

Analowa kuseri. Ndinkayesa wapita kukatenga, koma anatuluka ndi anzake awiri kuti ndibwerezenso iwo akumva. Mmodzi anafunsa ngati ndikukadula mtengo kapena phiri. Ndinatuluka. Anyamata a masiku ano kasitomala sakumudziwa.

Amene anandimvetsa ndi bambo wina wogulitsa zida zogwiritsidwapo kale ntchito chakufupi ndi msika wa Taifa. Iyeyu sanaseke, poti wamalonda weniweni saseka ndalama isanalowe m'thumba. Anati ya 110 pakadali pano yatha, koma pali ina. Anawerama, kubuula, n'kutulutsa chinthu chomwe tebulo litachilandira linalira.

"Iyi ndi Stihl 070, achimwene. Ocheka matabwa akaiona amavula chipewa."

Ma cc 105. Injini imeneyo ndi msinkhu umodzi ndi ya njinga zamoto zambiri za kabaza, kungoti njinga umaikwera pomwe iyi umainyamula m'manja. Kulemera kwake makilogalamu opitirira 10, musanaike lupanga, tcheni ndi mafuta. Lupanga lake mainchesi 36. Kunena chilungamo bamboyo anayesa mbali yake, anandiyang'ana mikono n'kufunsa ngati ndinagwirako yotere. Ndinamuuza kuti ife a ku Dedza timabadwa nkhwangwa ili m'manja. Anati chabwino. Ndalama ya malata a pakhonde inapita, pamodzi ndi ina yomwe mayi anatenga ku banki m'khonde poganiza kuti ndi ya simenti.

Wa njinga ya kabaza, aja timati a Sacramento, amene anandinyamula analipiritsa anthu awiri, ndipo pa zitunda zonse wachiwiriyo ndi amene ankatsala panjinga. Ine ndinkakankha.

Madzulo mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anapeza kapepala kaja.

"Adadi, mtengowu munayeza mozungulira kapena mopingasa?"

"Mtengo ndi wozungulira, ndiye umayezedwa mozungulira."

"Koma lupanga limadutsa mopingasa. Mugawe 110 ndi 22 pa 7." Analemba pansi ndi chala. "Ndi mainchesi 35."

Ndinamuuza akatsuke mbale. Ndipo mukaganiza bwino, 36 ndi wamkulu kuposa 35, kutanthauza kuti ndinagula zoyenera n'kutsalanso ndi inchi imodzi yapadera. Mpaka lero palibe wandiyamikirapo pa mfundo imeneyi.

Loweruka linafika, m'mwezi wa July, kuja kumacha Mzuzu atafunda nkhungu. Sindinaitane munthu, koma pofika 8 koloko pakhomo panali aneba, ana a m'mudzi monse, anyamata a kabaza, ndi amayi a kwaya omwe anali pa ulendo wokaphunzira nyimbo n'kuona kuti nyimbo zidikire. Ine ndinavala magambutsi, magalasi a dzuwa ndi chipewa cha njinga yamoto chobwereka. Alamu atafika anaima, kuyang'ana makinawo nthawi yaitali.

"Alamu, mwabwereka kapena mwagula?"

"Ndagula."

"Ambuye atichitire chifundo."

Anasakaniza okha mafuta, chifukwa injini zimenezi petulo yekha zimapsa: oyilo wake wapadera mamililita 100 pa malita 5 a petulo, uku thanki ina yapadera ya oyilo wofewetsa tcheni. Kuliza ndinati ndiliza ndekha. Ndinakoka chingwe, chingwe chinandikoka. Ndinakokanso, phewa linalankhula. Ndinapitiriza tchoko, chija chochepetsa mpweya mu injini, chili chotseka mpaka pakhomo ponse kununkha petulo, makina ali duu. Alamu anamasula pulagi, kuipukuta, kubwezera, kuika makina pansi, kuwapanikiza, kukoka. Nkhuku zinabalalika, galu wa aneba anakapezeka madzulo ku Luwinga, mwana wina anayamba kulira osadziwa chomwe akulirira.

Anazimitsa kuti tipangane. Mtengo ugwere kumunda, komwe chimanga tinali titakolola kale, nyumba ili kumbuyo. Anajambula ndi makala pathunthu. Mbali ya kumunda adula kamwa, kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu. Kenako kudula chakumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwalo. Koma apa anandigwira dzanja.

"Pakati pa kamwa ndi podula pakumbuyo musiye kachigawo kosadula, mainchesi atatu kapena anayi pa mtengo ngati uwu. Imeneyi ndi hinji. Ndiyo imagwira mtengo n'kuuperekeza komwe mukufuna. Mukaidula, mtengo ulibenso mwini. Mukafika pamzere uwu muime, ndikhome zikhomo zamtengo mumng'alu kuti usabwerere m'mbuyo. Ndipo nsonga ya lupanga chakumwambaku isagunde kanthu, makina amadumphira kumaso."

Anapempha kuti adule okha. Ndinawalola kamwa lokha, mongondionetsa. Kumbuyo ndinati ayi, mwini makina ali pompano, ndipo amayi a kwaya akuona.

Za makina aakulu pali chinthu chimodzi chomwe wogulitsa sanena. Ka alamu kaja kakadandipatsa nthawi yoganiza, yopuma, mwina yosintha maganizo n'kukaitana bambo uja. Ngakhale ya ma cc 70 ikadafuna kuti ndidule mbali imodzi, ndiime, ndizungulire, ndione mzere. Iyi ayi. Lupanga linatulukira mbali inayo ya thunthu, mano n'kuluma, basi makina anayamba ulendo ine ndili pambuyo. Mikono inkanjenjemera mpaka m'mano. Zipalapala zofiira zinkandimenya pamagalasi, ndiye ndinatsinzina, zomwe ndikuona kuti munthu aliyense wanzeru akadachita. Nditatsegula diso limodzi ndinaona alamu akudumpha manja ali m'mwamba, amayi akukupiza zitenje, anyamata a kabaza atagwira mitu. M'chipewa muja simunkamveka kanthu. Ndinati anthuwa akundichemerera. Ndinawagwedezera mutu n'kufinya mafuta mpaka kumapeto.

Mtengo unalira kuti kwee. Unasuntha pang'ono, kuima, kuganiza, kenako n'kukhala pansi chakumbuyo, pamwamba pa lupanga langa. Injini inati zii.

Chete amene anagwa pamenepo sindinamumvepo ngakhale pamaliro. Mbawa ili chiimire, yodulidwa pafupifupi yonse, mzere wa makala ndaudutsa kalekale, nsonga yake itapendekera kudenga la nyumba. Makina anga ali lende pathunthu. Ndinayesa kukoka. Alamu anandikoka ineyo ndi kolala.

Mng'alu unali utatsekeka, poti chikhomo n'kulowa panalibe. Alamu anapita chonyang'ama ndi sipanala, kumasula manati a pambali, kuchotsa injini, lupanga ndi tcheni n'kuzisiya momwemo. Anati akukafuna zingwe ndi chokokera kwa anzawo akale, abwera m'mawa ndi anthu. "Aliyense asayandikire. M'nyumbamu musagonemo." Sanatsanzike.

Alamu atachoka, mpando wa nzeru unatsala wopanda munthu, ndipo unatengedwa ndi aneba athu, mkulu wa mpingo, bambo waulemu wake wa ku Rumphi. Anaima patali, kutseka diso limodzi, kuyeza ndi ndodo.

"Adada, mtengo uwu waloza nyumba. Nyumba sitinganyamule, koma katundu tingathe."

Onse anavomera. Funso linali lakuti katunduyo apite kuti, ndipo yankho linali loonekeratu: mbali yomwe mtengo waikana. Kumunda. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, ntchito inayenda. Sofa, bedi, matiresi, tebulo, wailesi yakanema, ndi kabati ya magalasi ya pabalaza momwe munkakhala mbale zathu za ukwati. Mbale zimenezo chikwatirane sitinadyerepo. Zinkadikira alendo olemekezeka, ndipo abale anga onse omwe anabwerapo kuchokera ku Dedza sanafike pa mlingo umenewo. Tinaunjika zonse bwinobwino pakati pa munda n'kufunditsa pulasitiki. Makina osokera okha mayi anakana, anasenza pamutu kupita nawo kwa aneba komwe anakagona ndi ana. Mlonda wa katundu anasankhidwa popanda chisankho.

Amene anagonapo panja ku Mzuzu mu July andimvetsa. Ndinakhala pa sofa, bulangete mpaka m'makutu, koma mphepo ya mwera itayamba cha pakati pa usiku, inkalowa ngakhale m'magambutsi. Chapatali ndinaona moto wa mlonda wa panyumba ina yomwe ikumangidwa. Ndinati ndikangowotha manja n'kubwerera. Tinayamba kucheza za mpira, iye n'kuwotcha mbatata.

Tambala woyamba asanalire, kunamveka kulira kuja kwa masana, koma kotalika. Kenako nthaka inagwedezeka, mbatata n'kugudubuka pamoto. Pambuyo pake panabwera kaphokoso kena kakang'ono, kosalala, kotenga nthawi, ka zinthu zambiri zoyera zikusweka pamodzi.

Mlondayo anandiyang'ana. "Si kwanu kumeneko, bwana?"

Kutacha anthu anabweranso, ochuluka kuposa dzulo. Nyumba ili bwinobwino, ngakhale tsamba padenga panalibe. Mbawa itagona kumunda, mowongoka, ndendende komwe kamwa linaloza. Mphepo inaikankha kuchokera kumbuyo, ntchito yomwe zikhomo za alamu zikadagwira. Sofa inali italowa m'nthaka. Mwendo umodzi wa bedi tinakaupeza m'munda mwa eni ake. Pomwe panali kabati panali thunthu.

Alamu anafika ndi anthu anayi ndi zingwe, kuima, kuvula chipewa. Mayi anatulukira atafunda chitenje, osalankhula. Ndinaona kuti pakufunika wina anene mawu olimbikitsa.

"Komatu mukaonetsetsa," ndinatero, "wagwera pomwe ndinanena."

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo a ana, tabwerezani. Anthu ena kumbuyoko sanamve."

Sindinabwereze.

Wocheka matabwa tinaitana bambo yemwe uja wa njinga. Ndalama yake inali yomweija, anati mtengo wogona pa sofa ndi wovuta kuposa woimirira. Anabwera ndi makina a ma cc 72, lupanga lalifupi kuposa langa, tupa m'thumba, kumanola tcheni akangoona kuti zipalapala zasanduka fumbi. Lupanga langa analitulutsa litapindika. Injini anaiyang'ana mwachikondi, n'kunena kuti pocheka matabwa imeneyi ndiye yake, ndipo atha kundithandiza poigula pa theka la ndalama yomwe ndinaperekera. Mbali yomwe mphezi inawomba inapezeka yamphako, chiswe chinadya kalekale, choncho matabwa abwino anatuluka ongokwanira kabati yatsopano ndi bedi. Kalipentala wapanga kabati yokongola kwambiri, yofiirira, yonyezimira. Ili pabalaza yopanda kanthu, ndipo mayi amaipukuta tsiku lililonse nthawi yomwe ndikumwa tiyi.

Nkhani ya simenti ija a banki m'khonde anaitulukira. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akubwera Loweruka likudzali, ndipo anditumizira uthenga kuti ndikonzeretu lisiti la makina, kapepala ka mainchesi 110, komanso mwana wa Sitandade 7 asapite kulikonse chifukwa akufunika ngati mboni.