Za ku Masasa zija, imvani kwa mwini wake

Nonse amene mwakhala mukundiimbira foni kufunsa ngati "ngolo ija" ndikugulitsa, ndakumvani. Sindikugulitsa. Ndiponso kanema amene mukutumizirana pa WhatsApp uja, wa Land Rover yanga ikubwerera yokha m'mbuyo pa mtunda wa ku Masasa mu Mzuzu muno, wayambira pakati. Mwana amene anajambulayo anatulutsa foni zinthu zitaipa kale, pamene ndinali ndi ulemu wanga sanajambulepo.

Galimotoyo ndi Land Rover Series III ya 1976, yaifupi ija ya mainchesi 88, injini ya petulo ya malita 2.25. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, koma chasisi ndi chitsulo, ndipo chinyontho cha Mzuzu chinali chitadya kumbuyo konse. Ndinadula, kuwotcherera, kupenta. Kabuleta ya Zenith ndinaimasula n'kutsuka, mapointi ndinaika pa 0.015 ya inchi, matapeti pa 0.010. Imalira kamodzi n'kamodzi ngakhale m'mawa wa mu Juni. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti injini sinalakwe kanthu tsiku limenelo, ndipo amene anaikonza si chitsiru.

Ndinali nditanyamula apongozi anga aakazi, amene abwera kuchokera ku Ntcheu, kukawasiya kwa mnzawo wa kumvano amene akudwala ku Masasa. Anakhala kutsogolo, thireyi ya mazira pamiyendo. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo odziwa mitunda ya ku Masasa akudziwa mmene dothi lofiira lija limaterera. Pakati pa mtunda tinapeza Probox itatitimira, anthu atazungulira. Ine ndinailambalala cham'mbali n'kukaima kumtunda kwake. Lembani pamenepo: ndinadutsa ndi matayala akumbuyo okha, pamalo pamene galimoto ya dzana inakanika.

Ndinatsika, kumanga chingwe, kenako, poti anthu anali ambiri, ndinaona kuti ndi bwino aphunzirepo kanthu. Ndinatsegula chitseko n'kuwaonetsa ndodo zitatu zija. Yamutu wakuda ndi ya magiya wamba. Yachikasu ukaikanikiza pansi, mphamvu imapita ku matayala onse anayi, galimoto ikuthamangabe mwa nthawi zonse. Yofiira ili ndi malo atatu: kutsogolo ndi kuyenda wamba, pakati palibe chimayenda, kumbuyo ndi giya yamphamvu, ndipo ukaikokera kumbuyoko shafuti ya kutsogolo imalowa yokha. Ndinawawerengera ngakhale masamu, kuti giya yoyamba ndi ndodo yofiira kumbuyo, injini imazungulira pafupifupi ka 40 kuti tayala lizungulire kamodzi. Bambo wina anagwedeza mutu n'kunena kuti magalimoto anali akale. Apongozi anga anamva. Mtima wanga unali mbee.

Chimene sindinawaphunzitse ndi mahabu. Amene anali nayo galimotoyi ine ndisanagule anaika mahabu otsegula ndi kutseka pa matayala akutsogolo. Pakati pa tayala pali kachitsulo kopotokola ndi dzanja, mbali ina palembedwa 4x4, ina 4x2. Kakakhala pa 4x2, tayala limangozungulira palokha, losalumikizana ndi shafuti yake. Ungakanikize ndodo yachikasu mpaka kuboola pansi, ungakoke yofiira mpaka kuizula, mkatimo zonse zizungulira koma tayala silimva kanthu. Anga anali pa 4x2 chifukwa cha mizere ya petulo imene tonse taima, poti amati amapulumutsako pang'ono. Ndimadziwa kuti amafunika kuwatseka mwa apo ndi apo kuti oilo afike ku mapini apamwamba a siwivulo, pamene matayala akutsogolo amakhotera. Ndimauza ena zimenezi. Koma tsiku limenelo matope anali atamata mahabuwo moti ngakhale mzungu wa ku Solihull amene anaipanga sakanawerenga.

Ndinakoka yofiira, giya yoyamba, kusiya kilatchi. Chingwe chinakungika, matayala akumbuyo n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi, matope kuulukira pa Probox. Apa munthu wanzeru amachotsa phazi n'kufunsa chifukwa chake kutsogolo sikukukoka. Ine ndinali ndi anthu oonerera, ndiye ndinaponda moto. Tayala lina linakumba, linakumba, mpaka linapeza mwala pansi n'kugwira mwadzidzidzi. Mphamvu yonse ija ya ka 40, yoti igawidwe panayi, inagwera pa hafu shafuti imodzi ya mano 10, chitsulo chimene chimazunguza tayala limodzi lakumbuyo. Kunamveka thyoo! Injini inapepukidwa n'kuyamba kulira mosangalala, muvi wa sipidi ukukwera, galimoto ili phee.

Ndinazimitsa, kuisiya mu giya, kukoka handibuleki mpaka kumapeto, n'kutsika kukasuzumira pansi kumbali ya apongozi. Tsopano mvetserani, chifukwa apa mlandu si wanga ndekha. Handibuleki ya Land Rover siigwira matayala. Ndi dilamu imene ili kumbuyo kwa giyabokosi, imagwira polopela shafuti, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo. Shafuti imodzi ya kumbuyo ikathyoka, difu, magiya aja ogawa mphamvu pakati pa matayala awiriwo, imalola tayala lotsalalo kuzungulira momasuka, polopela ataima chilili. Giya imene waisiyamo nayo ikugwira polopela yemweyo. Kutsogolo kukanatipulumutsa, koma mahabu mwamva kale. Ndiye kuti galimoto ya matayala anayi inali pamtunda popanda tayala ndi limodzi lomwe lomangidwa, inangotsamira m'maenje amene inadzikumbira.

Ndikuwerama choncho, ndinaona tayala likusuntha.

Sinathamange ayi. Bwenzi zili bwino ikanathamanga, zikanatha msanga. Inayamba kubwerera m'mbuyo mwaulemu, matope akuigwira, ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Ndinati ndithamangire kwa chiwongolero, matope anandilanda patapata mmodzi. Ndinangogwira windo la apongozi n'kumayenda nayo limodzi, phazi lina lili pansi.

"Kodi tikubwerera, apongozi?"

"Pang'ono chabe, amayi."

"Nanga akuyendetsa ndani?"

Inu, munthu amene unagwada pomupempha mwana wake sungamukalipire, ngakhale galimoto ikupita. Ndinatsitsa mawu. "Amayi, pepani kukuvutitsani. Mwina mungasunthireko mbali inayo, muponde chitsulo chapakaticho."

"Si paja munati ndisakhudze kalikonse muno?"

"Ndinatero, amayi, koma zasintha."

"Nanga mazirawa ndiike pati?"

Funso limenelo tinakambirana mofatsa. Pampando wapakati anakana, ati agwa. Kundipatsira pa windo sizikanatheka, chifukwa mawindo a Series amatsetsereka theka lokha, thireyi singadutse. Anthu onse aja anali akuyenda nafe, ena kumanja ena kumanzere, manja kumbuyo, aliyense akupereka nzeru, ena m'Chitumbuka ena m'Chichewa. Mnyamata wina anaika mwala kumbuyo kwa tayala, mwalawo unamira, galimoto sinadziwe n'komwe. Nkhuku inadutsa kumbuyo, inatola chimene inatola, n'kubwereranso bwinobwino. Dalaivala wa Probox anali m'galimoto mwake akuimba hutala. Ankaimbira ndani, sindikudziwa mpaka lero. Apongozi pamapeto pake anatambasula dzanja n'kukhudza chinthu chimodzi, mawaipa n'kuyamba kupukuta.

Kunena zoona ngakhale akanafika pa buleki sizikanathandiza kwenikweni. Yanga ilibe savo yothandizira mwendo poponda, mabuleki ndi a dilamu matayala onse anayi, ndipo akalowa madzi amafuna mwendo wa munthu wolima. Koma mawaipa aja anandiwawa.

Chitsulo chokokera cha kumbuyo chinakumana ndi nyali ya Probox, kunangomveka phwa pang'ono, basi tinaima. Dzira silinasweke ndi limodzi lomwe. Apongozi anawerenga kawiri.

Ndiye kunabwera mnyamata wa Sacramento, kabaza wa kuno ku Mzuzu, anaimika njinga yake, n'kunjuta pa tayala lakutsogolo. Anapukuta matope ndi chala. "Abwana, apa palembedwa 4x2. Ndi mmene zimakhalira?" Ndinamuyankha kuti ndinali pafupi kufika pamenepo. Tinapotokola onse awiri, handibuleki inagwira nthawi yomweyo kudzera kutsogolo. Probox anthu anaikankha ndi manja, inatuluka, ndipo dalaivala wake anandithokoza mochititsa manyazi asanayambe nkhani ya nyali.

Amene mwafunsa moona mtima kuti ndinafika bwanji kunyumba, galimoto yotere imayenda ndi kutsogolo kokha. Polopela wa kumbuyo amachoka ndi masipanala awiri a 9/16, manati anayi mbali iliyonse, ndipo ndinagona m'matope momwemo kumasula. Pa habu ya kumbuyo pali mabawuti 6, ukachotsa shafuti imasololoka, kapena kuti theka lake. Bwezerani chivundikiro chimene mabawutiwo amagwira kuti oilo asatayike ndi fumbi lisalowe, kanikizani ndodo yachikasu, muziyenda pang'onopang'ono osakhota mwamphamvu. Musayende polopela ali pomwepo, chifukwa zidutswa za chitsulo zimalowa m'mano a difu, pamenepo ndiye mwagula difu. Kachidutswa kotsala mkati sikatuluka ndi pemphero. Muyenera kukhetsa oilo wa EP90, pafupifupi malita awiri, kusolola shafuti inayo, kutsitsa difu yonse, kukagogoda kachidutswako, kenako kutsuka m'kati ndi palafini ndi kuyendetsamo maginito. Yang'anitsitsani mano a shafuti yotsalayo. Anga anali atapotoka kale, kusonyeza kuti matendawa anayamba kalekale kwa mwini wake woyamba, ine ndangomalizitsa.

Apongozi kwa wodwala kuja anafika pa njinga ya mnyamata yemwe uja, mazira ali pamiyendo. Ndalama ya njingayo ndinalipira ine, nyali ya Probox ndikulipira ine. Land Rover ili pa miyala kuseri kwa nyumba ku Luwinga, nkhuku zayamba kugona pansi pake. Ngati pali amene akusunga mahafu shafuti a Series, yaifupi ndi yaitali yomwe, andiuze. Muwerenge mano musanandiimbire, akhale 10, chifukwa wina wandibweretsera kale ya thirakitala.