Kutumiza munthu ku saiti: zimene ndikuphunzira pa kosi ya netiweki

Kampani imodzi ya netiweki ikhoza kukhala ndi zipangizo ku Kitwe, ku Livingstone ndi ku Chipata, koma oziyang'anira usana ndi usiku ali m'chipinda chimodzi muno mu Lusaka, chimene amachitcha NOC (Network Operations Centre). Iwo amaona ma alarm pa sikirini. Wogwira chingwe ndi manja ndi tekinishani wa ku saiti, kumalo kumene zipangizozo zili. Mutu umene tafikapo pa kosi yathu ndi wa mmene awiriwa amagwirira ntchito limodzi, ndipo wandigwira mtima kuposa ma subnet, kagawidwe ka netiweki m'zigawo zing'onozing'ono, amene tinavutika nawo miyezi yapitayi.

Aphunzitsi athu amabwereza mawu amodzi: galimoto isananyamuke, mafunso athe kaye. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata pa Great East Road ndi makilomita opitirira 550, kuwoloka Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke ndi Katete. Munthu ukamutumiza ndi chipangizo cholakwika, tsiku lonse lapita, mafuta apita, kasitomala akadali mumdima. Choncho wa ku NOC ayambe waona ngati yagwa saiti imodzi kapena zingapo nthawi imodzi. Zikagwa zisanu mphindi yomweyo, kawirikawiri vuto lili pa njira imodzi imene zonsezo zimadalira, ndiye palibe chifukwa chobalalitsira anthu asanu.

Aonenso alarm imene inayamba kulira. Zipangizo zambiri za pa nsanja zimayendera magetsi a -48V DC ochokera ku rectifier, chipangizo chosandutsa magetsi a AC kukhala DC, ndi ku mabatire. Ngati inayamba ndi ya kuzima kwa magetsi, kenako ya mabatire kutsika, kenako saiti n'kukhala chete, wofunika ndi munthu wa jenereta ndi dizilo, osati wolumikiza fibre, chingwe chonyamula uthenga ndi kuwala. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti akumapita maola ochuluka pa tsiku. Nthawi ngati imeneyo, kutha kusiyanitsa vuto la magetsi ndi la chingwe ndi theka la ntchito.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi OTDR. Kachipangizo kameneka kamatumiza kuwala mu fibre, n'kuyeza kumene kwabwerera, ndipo kamakuuza kuti chingwe chaduka pa mtunda wakuti. Mu labu anatipatsa mpukutu wa fibre woti tiyeze. Mzere wa pa sikirini unkatsika pang'onopang'ono, pa splice, pamene fibre ziwiri zalumikizidwa, pali kakhwawa kakang'ono, kenako pamapeto n'kugweratu. Koma mtunda umenewo ndi wa chingwe, si wa msewu ayi. Oika chingwe amasiya chotsala chokulungidwa m'ma manhole ndi pa mapolo, ndiye wa ku NOC akangowerenga nambala osatsegula mapu a njirayo, anzake akakumba malo olakwika dzuwa likuswa mtengo. Apa m'pamene ndinaona kuti zolemba zakale za njira ya chingwe n'zamtengo wapatali ngati chipangizo chenichenicho.

Kalankhulidwe pa foni tinakayesezanso. "Sizikugwira" si lipoti. Wa ku NOC amafunsa kuti, "Achimwene, pa port 2 kagetsi kakuyaka mtundu wanji? Power meter ikuwerenga ma dBm angati?" Wa ku saiti amayankha nambala ya mphamvu ya kuwalako, n'kutumiza chithunzi asanazule chilichonse. Ndipo iyenso ali ndi mawu ake. Akanena kuti, "Akulu, kabati yatentha, fani sikuzungulira," wa pa sikirini amvere, chifukwa fungo la waya wopsa silioneka pa dashboard. Ine zimandipweteka ndikamva ena akutenga tekinishani ngati wongotumidwa. Ndi iye amene ali pa makwerero, mvula ikubwera.

Pali kachenjerero kena kamene ndakakonda. Router, chipangizo chowongolera uthenga, ikasowa pa netiweki, wa ku saiti amailumikiza mwachindunji ku laputopu ndi chingwe cha console, n'kutenga intaneti pa foni yake, injiniya wa ku Lusaka n'kulowa ngati ali pomwepo. Posintha config, malangizo amene router imayendera, uli kutali, pa zipangizo za Cisco ukhoza kuyamba walemba lamulo loti reload in 10 usanasunge zosinthazo. Zosinthazo zikakutsekera kunja, pakatha mphindi 10 router imadzuka yokha ndi config yakale, popanda wina kuyenda ulendo wausiku.

Za tiketi, cholembedwa cha vuto lililonse, tinadutsamo mwachangu, koma mfundo yake ndaisunga: umalembera munthu wa shifiti yotsatira amene sanamve foni ija. Nthawi, nambala zimene zayezedwa, chimene chasinthidwa, ndi amene akudikiridwa. Tiketi satseka, ndipo tekinishani sachoka pa saiti, pokhapokha NOC itaona kuti traffic, uthenga woyenda pa netiweki, yabwerera ndipo kasitomala wavomereza.

Sabata yamawa tikuyamba splicing. Mtima wa fibre ya mtundu wa single mode, modutsa kuwalamo, ndi pafupifupi ma micron 9 basi, kupyapyala kuposa tsitsi, ndipo atichenjeza kale kuti kafumbi kamodzi pa connector n'kokwanira kugwetsa link.