Sabata ya pakati pa Apache ndi Tomcat

Kuofesi kwathu anthu amangoti "sisitimu", ngati ndi chinthu chimodzi. Koma kuseri kuli maseva a mitundu iwiri. Apache ndiye ali pakhomo: amalandira aliyense wofika pa port 443 (port ndi nambala ya khomo lolowera pa seva), amasunga satifiketi ya chitetezo cha tsamba, amapereka zithunzi ndi mafayilo osasinthasintha. Pulogalamu yeniyeniyo, yolembedwa mu Java, imayenda pa Tomcat, pa makina ena. Awiriwa amalankhulana kudzera mu mod_jk, kachigawo ka Apache kotumiza anthu ku Tomcat, ndi AJP, njira yomwe amalankhulirana, pa port 8009, ndipo sabata yanga yonse yathera pamene amakumanapo.

Lolemba usiku tinachotsa Tomcat 8.5, yomwe eni ake anasiya kuikonza pa 31 March 2024, n'kuika 9.0. Tinasankha 9 dala, chifukwa 10 imafuna kuti mayina onse a mu khodi oyamba ndi javax asinthidwe kukhala jakarta, ntchito yomwe anzathu olemba mapulogalamu sangaimalize mwezi uno. Tomcat inadzuka bwinobwino, koma AJP imafuna kuitsegula pamanja. Chitulukireni chibowo cha chitetezo chotchedwa Ghostcat mu February 2020, chomwe chinkalola munthu wofika pa 8009 kuwerenga mafayilo a m'kati mwa pulogalamu, Tomcat imabwera AJP ili yotseka. Ukaitsegula mu server.xml, fayilo ya makonzedwe a Tomcat, imangomvera makina ake omwewo, ndipo siyamba popanda mawu achinsinsi. Ndinaipatsa adiresi ya netiweki ya m'kati, mawu achinsinsiwo ndinawalembanso mu workers.properties, fayilo ya makonzedwe a mod_jk, ndipo firewall ndinaikonza kuti pa 8009 pazilowa makina a Apache okha. Alipo ena amangolemba secretRequired="false", kuti AJP iziyamba popanda mawu achinsinsi, akagone msanga. Pa seva yosunga malipiro a anthu, ine zimenezo sindingalole.

Lachiwiri tinawonjezera Tomcat yachiwiri kuti zizigawana katundu. Lachitatu m'mawa foni inalira. Anali mayi ena a ku akaunti.

"Achimwene, ndikangolowetsa ma invoisi awiri ikunditulutsa, n'kuyambanso kundifunsa password. Kodi ndalakwitsa pena?"

"Ayi mayi, simunalakwitse. Musatseke, ndikubwera komweko."

Ndinakhala pa kompyuta yawo n'kutsegula cookie ya JSESSIONID, kachizindikiro komwe Tomcat imadziwira munthu amene walowa. Inali manambala ndi zilembo basi, kumapeto kopanda kadontho ndi dzina la seva. Vuto lonse linali pomwepo. Munthu akalowa, Tomcat imodzi yokha ndiyo imamukumbukira, inzakeyo samudziwa. Kuti mod_jk azimubwezera komwe analowera, amayang'ana dzina lomwe limabwera pambuyo pa kadonthoko, ndipo dzinalo limachokera pa mzere wa jvmRoute mu server.xml. Liyenera kufanana ndendende ndi dzina la worker, lomwe Apache amatchulira Tomcat imeneyo. Popanda ilo, mayiwo ankaponyedwa uku ndi uku ngati wodwala amene chipinda chilichonse chikumufunsa buku lake kuyambira pachiyambi. Mnzanga wa mapulogalamu ankalumbira kuti khodi yake ilibe vuto, ndipo ankanena zoona. Apache nayenso analibe vuto. Ndinalemba tomcat1 ndi tomcat2 mbali zonse ziwiri, mayiwo analowanso, cookie inatuluka ndi .tomcat2 kumapeto, ndipo anamaliza ma invoisi awo nkhomaliro isanakwane.

Lachinayi lipoti lina linkachedwa. Nditaika log ya Apache, kaundula wa zonse zochitika, pambali pa ya Tomcat, mizere sinkakumana. Makina atsopano a Tomcat anali pa UTC, nthawi ya padziko lonse, pamene a Apache ali pa nthawi yathu, kusiyana maola 2. Ndinawasinthira ku Africa/Blantyre, ndipo zinaonekeratu kuti ochedwa si maseva ayi, ndi funso limodzi lopita ku database. Limenelo ndinalipereka kwa eni ake.

Lachisanu tinatulutsa pulogalamu yokonzedwa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pantchito, zomwe kale sitikanayerekeza. Pa jkstatus, tsamba loyendetsera mod_jk, ndinaika tomcat1 pa disabled, kuti isalandire atsopano koma omwe analowa kale amalize zawo. Itapuma, tinaikamo pulogalamuyo, n'kuibwezera pamzere, kenako chimodzimodzi tomcat2. Palibe anaimba foni. Sabata yamawa ndikufuna kuyesa ngati mod_proxy_http, kachigawo kena ka Apache, ingalowe m'malo mwa AJP, kuti port 8009 tidzangoitsekeratu.