Mmene ndidasamutsira zipangizo za m'nyumba mwanga ku ma driver a Edge

Ndidayamba kugwiritsa ntchito SmartThings, kampani ya pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba pa foni, imene Samsung idagula mu 2014, pa nthawi imene zipangizo zinkayendetsedwa ndi timapulogalamu tolembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Groovy. Tambiri mwa timapulogalamuti tinkagwirira ntchito pa makompyuta a kampaniyo kutali, kotero kuti munthu akatsegula chitseko, uthenga unkayamba wazungulira pa intaneti usanabwere kudzayatsa babu lokhala pamwamba pa chitseko chomwecho. Chakumapeto kwa 2022 kampaniyo idayamba kutseka Groovy, ndipo m'malo mwake mudalowa ma driver a Edge, mapulogalamu oyendetsa zipangizo olembedwa m'chinenero china chotchedwa Lua, amene amakhala m'kati mwa hub, kabokosi kolumikiza zipangizo zonse kamene kali pa shelefu pabalaza.

Mababu ndi masoketi a mayina odziwika adasamuka okha, ine osakhudza kanthu. Chipangizo cha Zigbee (njira yopanda waya imene zipangizo zimalankhulirana ndi hub) chimadzitchula dzina la wochipanga ndi mtundu wake, ndipo hub imafufuza driver amene ali ndi mayina amenewo pa mndandanda wake. Vuto lidali pa timasensa titatu ta pa zitseko timene ndidagula motchipa pa intaneti, topanda ngakhale dzina pa katoni. Popeza panalibe driver wotizindikira, tidangoonekera pa foni ndi dzina loti Thing, kutanthauza chinthu, ndipo sitinkanenanso ngati chitseko chili chotseka kapena chotsegula.

Apa ndi pamene ndidalakwitsa, ndipo cholakwacho chidali changa ndekha. Mopupuluma ndidafufuta kasensa koyamba kuti ndikalumikizenso, osaganiza kuti malamulo onse amene ndidakamangirira, monga loyatsa nyali ya pakhonde dzuwa likalowa chitseko chikatseguka, asokonekera limodzi nako. Usiku umenewo ndidafufuza bowo la kiyi mumdima ndi tochi ya pafoni. Pa tiwiri totsalato ndidachita mwaulemu wake: ndidalemba kaye malamulo onse mu kope, ndidalandira chiitano cholowera mu channel ya munthu wina wodzipereka amene amalemba ma driver, kutanthauza malo amene amagawirako ma driver akewo, ndidalembetsa hub yanga kumeneko, ndidaika driver woyenera, kenako ndidangosintha driver mu pulogalamu ya pafoni popanda kufufuta chilichonse. Channel zoterezi ndi za anthu wamba, choncho ndi bwino kuona kaye ngati mwini wake akuzisamalirabe.

Chimene ndimachikumbukirabe ndi webCoRE, pulogalamu yolembera malamulo imene idachoka pa SmartThings limodzi ndi Groovy, chifukwa inkalola malamulo a nthambi zambiri amene ndidachita kuwagawa m'ma Routine angapo, omwe ndi malamulo osavuta a mu pulogalamu ya SmartThings.

Nditamaliza, ndidazula dala waya wa intaneti kumbuyo kwa rauta, n'kupita kukatsegula chitseko chakumaso. Nyali ya pakhonde idayaka dzanja langa lisanachoke pa chogwirira.