Za hutala ija ya pamaliro

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka kumalire ku Calómuè, ndipo amene akuikamba kumeneko akuti ndinali nditaledzera, ndiloleni ndiinene ndekha. Sindinamwe. Komanso sindinalize hutala kuyambira kusiwa mpaka kumanda monga akunenera alamu anga. Ndinkaliza mopumira.

Fani ya Land Cruiser yanga ija, yoyendera lamba, inali itafooka. Mafuta a m'kachitsulo kake ka pakati anadontha onse, ndiye inkangozungulira mwaulesi. Kuno ku Angónia kumazizira, vuto silinkaoneka. Koma kutsika ndi kachewere ku Moatize ndi ku Tete mu Okutobala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, singano yoonetsa kutentha kwa injini inkakwera mpaka pofiira. Yatsopano mtengo wake ndinaufunsa, ndinathokoza, ndinatuluka. Ndinagula fani yamagetsi yochotsa pa galimoto yakufa.

Inu amene mukuti sindidziwa mawaya, mvetserani. Fani ngati imeneyi imakoka moto wambiri, ma amp 15 kaya 20, ndipo podzuka imakoka woposa pamenepo. Ukaudutsitsa wonsewo pa kaswitchi ka padashibodi, kamasungunuka. Ndiye ngati munthu wophunzira ndinaika relay, kaswitchi koyatsidwa ndi moto wochepa koma kodutsitsa moto wambiri, kokhala ndi miyendo inayi ya manambala. Mwendo 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku fani, 86 ku kaswitchi kotenga moto pa kiyi. Ndinkadziwanso kuti mota wotere ukausinthanitsira mawaya umazungulira chobwerera, n'kumakankhira mphepo kutsogolo kukalimbana ndi imene ikubwera. Zonsezi ndinakhoza, koma palibe amene akuzikamba ku msika wa Ulongué.

Unatsala mwendo 85, wa ethi, woyenera kulumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Bauti imene inali pafupi inali itadyedwa ndi dzimbiri, koma pambali pa radiyeta pankadutsa kawaya kooneka kofatsa. Galimoto imene yayenda msewu wa ku Tsangano zaka zonsezi mawaya ake ndi a mtundu umodzi, wa fumbi. Ndinafunsa, "Alamu, uyu si ethi?" Iwo, chimanga chootcha chili kukamwa, anati, "Ndi ethi ameneyo." Lero akukana.

Anali waya wa hutala. Pa galimoto zakale ngati yanga, hutala imakhala ndi moto nthawi zonse, ndipo batani la pachiwongolero ntchito yake ndi kugunditsa waya winayo ku chitsulo cha galimoto. Ndiye kuti waya uja amakhaladi ethi, kungoti pokhapokha munthu akudina hutala. Poyesa, mwana wa achemwali anga anali atakwera kutsogolo akuliza hutala monga amachitira ana onse. Fani inazungulira bwinobwino, kapepala kamene ndinaika kutsogolo kwa radiyeta kanamatirira. Ndinamukalipira mwanayo kuti asiye phokoso, uku ndikutseka boneti.

Pa tara sizinadziwike, poti galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha. Zinayambira m'mapiri, matumba ali phamphu kumbuyo, tikukwawa pa giya yoyamba. Singano inayamba ulendo wake. Kenako mbuzi zinadzaza msewu, ndinaliza hutala, ndipo pansi pa phokosolo ndinamva fuuu. Kusiya, zii. Kulizanso, fuuu. Alamu anati, "Alamu, galimoto yanuyi ikumapuma mukaikalipira." Tinaseka. Tinkaona ngati tapeza nzeru: ikatentha ndiliza, ikazizira ndisiya, tikakonza kunyumba.

Titakhota pakona tinapeza masamba atayalidwa pamsewu.

Tonse tikudziwa mwambo wake. Wanjinga amatsika, wawailesi amazimitsa, wachipewa amavula. Koma apa sanali maliro oti mungodutsa anthu atakhala pabwalo. Bokosi linali litatuluka kale, lili pamapewa, likukwera chitunda chomwe ife tinkakweracho, msewu wake wokwana ngolo imodzi. Ife kumbuyo kwenikweni kwa amayi a kwaya. Singano pofiira.

Muziti bwanji sunaime. Ndiime ndi chiyani? Handibuleki ya galimoto yanga ndi mwala umene alamu amatsika nawo, ndipo pachitunda chimenecho ndi katundu ameneyo mwala ukanangoperekeza galimoto kumtsinje. Kuzimitsa injini yotentha choncho, pampu ya madzi imaima, madzi n'kuwira m'katimo. Batire nayonso ndi yoti ikazima mpaka anthu akankhe. Ndikanapempha ndani, onyamula bokosi?

Ndinadina.

Abale anga, hutala imene ija sinalirepo mokoma ngati tsiku limenelo. Masiku onse imalira mosasa mawu, koma apo inatulutsa liwu loti anamva mpaka ku Dedza. Nyimbo inaduka pakati. Mitu yonse inatembenuka pamodzi. Ine ndinavula chipewa ndi dzanja lamanzere, ndinaweramitsa mutu, nkhope ndinaiika yachisoni chenicheni, pamene dzanja lamanja likupitiriza piiii. Kwaya itayambiranso ndinaganiza zobisala m'nyimbo momwemo. Ndinkadikira pamene abambo a besi akulowa mwamphamvu, ine n'kudina. Iwo akapuma, ine n'kusiya. Vesi yoyamba ndinachedwa pang'ono, koma pofika pa kolasi tinali titagwirizana ndithu, moti ndinaona mayi wina wa kumapeto akugwedeza mutu motsatira ine, kenako anazindikira chimene akuchita n'kudziphimba ndi chitenje. Agogo ena aakazi anaima pakati pa msewu ndi ndodo yawo, osanena kanthu, kungondiyang'ana. Ndinawapepesa ndi maso, n'kuwalizira hutala kumaso komweko. Poyang'ana kumbali, alamu kulibe. Anali atatsetserekera pansi pa dashibodi, akukumbatira mwala uja.

Adzukulu anabwera ndi makasu awo. Wamkulu wawo anasuzumira pazenera n'kufunsa mofatsa kwambiri, "Bambo, mukufuna malemuwa akupatukireni, kapena athamange?"

Anyamata anatchinga matayala ndi miyala, ndipo mlandu unazengedwa pomwepo, boneti ili yotsegula, injini ikulira, anyakwawa ataima pambali. Ndinati, "Afumu, onani nokha." Kudina, fani kuzungulira. Kusiya, kuima. Anyakwawa anati ndibwereze. Mkulu wa mpingo anati sanaone bwino, ndibwerezenso. Amalume a malemu nawo anafuna kudina okha. Lembani zimenezi: hutala inalira kwambiri pa chilolezo cha afumu kuposa mmene ndinalizira ine ndekha.

Kenako kamnyamata kena mwa adzukulu, kokonza njinga zamoto, kanalowetsa dzanja n'kuzula waya wa moto pa hutalayo. Kanati, "Dinani tsopano, bambo." Fani fuuu, hutala zii. Nzeru imeneyo inenso ndikanaipeza, kungoti munthu sungaganize bwino agogo akukuyang'ana choncho.

Anandilipiritsa nkhuku, ndipo thumba limodzi la kachewere linatsikira kusiwa. Alamu atatuluka pobisala paja anakhala m'gulu la ondidzudzula, n'kudya nawo nsima ya pamaliro. Ine ndinakwera chitunda chotsalacho chala chili pa batani, mwakachetechete, ngati munthu wosindikiza chidindo pa kalata yogulitsira munda.

Mwendo 85 uja pano uli pa bauti, ndinaipala dzimbiri mpaka kuwala. Kaswitchi ka paradiyeta koyatsa fani yokha madzi akatentha ndidzagula tikagulitsa chimanga. Hutala sindinailumikizebe, mbuzi ndimazikuwira pazenera. Amene ali ndi nkhuku yotsika mtengo andiuze, poti ija ndinachita kubwereka kwa apongozi.