Kapamba wotupa ndi timadontho takuda pa silayidi

Mwana wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi akamadwaladwala malungo, kapamba amatupa. Mukagwira kumanzere pansi pa nthiti mumamumva. Mmenemo muli ma macrophage, maselo amene amameza maselo ofiira a magazi omwe alowedwa tizirombo. Tsoka lake amameza ndi abwinobwino omwe, ochuluka ndithu, n'chifukwa chake magazi amachepa ngakhale tizirombo tili tochepa.

Anzanga a mu labu, chonde musamangowerenga tizirombo. Pa silayidi yothira utoto wa Giemsa yang'ananinso ma monocyte, maselo oyera a magazi aakulu kuposa onse aja. Timadontho takuda m'kati mwake ndi hemozoin, zotsalira za magazi omwe tizirombo tinadya. Timadonthoti timakhalamobe masiku angapo tizirombo titatha, choncho patokha sititanthauza kuti mankhwala a malungo a LA alephera. Koma zikhatho za mwanayo zikayera, muyezeni Hb, mulingo wa magazi, tsiku lomwelo.